Kodi ku Joni Nkutali?

Munthu akafuna kunyamuka ulendo wa kumene sanafikeko, funso lace loyamba ndi lakuti, "Kodi nkutali?" Makolo athu anali nayo njira yao yoyankhira funso limeneli, ndipo sanali kuchula nambala ai. Kukakhala pafupi anali kuloza kumwamba ndi dzanja, nanena kuti, "Mukanyamuka tambala woyamba, mufika dzuwa liri apa." Kukakhala kutali anali kuwerenga malo ogona, kuti mugona kawiri pa njira, tsiku lacitatu mwalowa. Ndiponso yankho lao linali kusintha monga mwa munthu wofunsayo. Mnyamata anali kumuuza zina, mai wobereka mwana zina, nkhalamba ya ndodo zinanso.

Masiku ano tiyankha ndi manambala, ndipo ine ndine mmodzi wa anthu amene boma liwalipira kuti azisunga manambalawo. Ndigwira nchito ya ukalaliki mu ofesi ina ya boma mu Lusaka. Mwa nchito zanga muli ya kukonza mapepala a akulu-akulu amene atumidwa kunja kwa dziko: tsiku lonyamuka, tsiku lobwera, mtunda, ndi ndalama za kamba wa pa njira. Ulendo umene ubwera pa thebulo langa kawiri-kawiri kupambana wina uli wonse ndi wa ku Johannesburg, mzinda umene kwathu ku dera la Katete aucha Joni kufikira lero. Cifukwa ca ici ndafuna kukamba nanu za mtunda ndi nthawi ya pakati pa mabwalo awiri a ndege, la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi la O. R. Tambo ku Johannesburg. Pakuti ndidziwa kuti mwa inu amene mwatsiriza sukulu alipo ambiri amene mitima yao inafika kale ku mwera, matupi okha ndiwo akali kuno kulinda ndalama ya tikiti.

Tiyambe ndi mtunda, popeza ndiwo wosabvuta. Simufunika kukafunsa ku ofesi ya ndege. Buku la mapu lija munali nalo ku sukulu likwanira. Tsegulani pa tsamba la Africa wa ku mwera, ikani cala pa Lusaka, nimutsike naco molunjika kunsi kwa tsambalo. Cala canu cidzadutsa nyanja ya Kariba, cidzapita pambali pa Bulawayo, cidzakhudza kangodya ka Botswana, cidzaoloka Limpopo, cidzaponda Pretoria ndi kuima pa Johannesburg, osapatukira ku manja kapena ku manzere. Mizinda yonseyi iri pafupi ndi mzere umodzi, wa madigiri 28 kum'mawa kwa Greenwich. Tsono bwalo la ku Lusaka liri madigiri 15 ndi pang'ono ku mwera kwa Equator, ndipo la ku Johannesburg liri madigiri 26 ndi pang'ono. Kusiyana kwace kungotsala pang'ono kukwana madigiri 11. Digiri imodzi, poyenda kucokera ku mpoto kunka ku mwera, ndi makilomita ngati 111 pali ponse pa dziko lapansi. Mukaculukitsa mupeza makilomita 1,200, kapena mamailo ngati 750 kwa iwo amene akali kuwerenga cikale. Mseu wa Great East kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata uli makilomita ngati 570; motero ulendo wa ku Joni, poyesa m'mlengalenga, uli monga kupita ku Chipata ndi kubwerako, nkuonjezapo pang'ono. Anzanga ena ku sukulu ya mishoni anali kuyesa kuti mizere ya pa mapu ija ndi yokometsera buku cabe. Taonani nchito yace.

Pali cinthu cina cokoma cimene cicokera m'kukhala pa mzere umodzi kumeneku. Dziko lapansi lizungulira madigiri 15 pa ola limodzi, ndico cifukwa cace maiko a kum'mawa aona dzuwa msanga kuposa a kumadzulo. Koma ku Lusaka ndi ku Johannesburg dzuwa lifika pa liwombo nthawi imodzi, ndipo koloko yao ndi imodzi. Wopita ku Joni sakhudza wochi yace. Wopita ku Nairobi ayenera kuikankha ola limodzi kutsogolo, ndipo pa tikiti alemba nthawi ya kumene ndege itera, si ya kwanu ai. Ndaonapo akulu ena ophunzira bwino ali kudandaula kuti ulendo wa ku Nairobi utalika popita nufupika pobwera, osazindikira kuti ola limene koloko iwabera popita iwabwezera pobwera.

Nanga nthawi ya m'mwamba? Ndege zazikulu za jeti zithamanga makilomita 800 pa ola, kapena kuposerapo pang'ono. Mwana wa sukulu agawa 1,200 ndi 800, napeza ola limodzi ndi theka. Masamu ace ali bwino, koma pa tikiti apezapo maola awiri, nthawi zina ndi mphindi zowerengeka pamwamba. Theka la ola linalo lapita kuti? Eni ndege awerenga kuyambira pamene ndege isuntha pa malo ace oimapo kufikira pamene iima pa malo ena kutsidyako. Iyamba yakwawa pansi ngati galimoto kunka ku mseu wace wonyamukira, nilinda cilolezo. Ikanyamuka siifika pa liwiro lace lonse pomwepo. Ikwera pang'ono-pang'ono kwa mphindi ngati 20 kufikira iri makilomita 10 kapena 11 kumwamba, kumene mpweya uli wopepuka ndipo mafuta sakutha msanga. Isanakhalitse kumeneko iyambanso kutsika, ikali kutali ndi Johannesburg, nicepetsa liwiro. Ndipo bwalo la O. R. Tambo liri mwa mabwalo opanikizika koposa mu Africa yense. Ndege zifikapo monga ng'ombe pa dibi, iri yonse kulinda kuti inzace iyambe yalowa. Mphepo nayo iri ndi mau ace. Kumwamba kuja mphepo zamphamvu ziomba kucokera kumadzulo kunka kum'mawa, kotero kuti wocoka ku Johannesburg kunka ku Sydney, mu Australia, afulumira ndi maola ngati awiri kuposa wobwerera. Koma ife a ulendo wa mpoto ndi mwera mphepoyo ingotiomba m'nthiti, ndipo kupita ndi kubwera kuli pafupi-fupi cimodzimodzi.

Cina cimene ambiri sadziwa ndi cakuti wopita ku Joni akwera citunda. Bwalo la ku Lusaka liri mamita ngati 1,150 pamwamba pa nyanja yamcere, la ku Johannesburg mamita ngati 1,700. Wopitako mu June asaiwale jekete.

Ine ndinakwera ndege imeneyi kamodzi kokha, ponyamulira mkulu wanga wa nchito mafaelo a ku msonkhano. Anandipatsa mpando wa pa zenera. Titangonyamuka ndinaona Kafue ali gone m'dambo ngati cingwe cotayidwa m'udzu. Patapita kanthawi mapiri anatha, ndipo pansi panaoneka madzi a Kariba, nyanja yopangidwa ndi anthu, imene khoma lace linatsirizidwa m'caka ca 1959, Atonga ngati 57,000 atacotsedwa m'midzi yao ya m'cigwa. Tiyi anali asanafike pa mpando wanga pamene Zambezi anatsala kumbuyo. Limpopo ndikadampitirira osamuona, koma munthu amene ndinakhala naye pafupi anandilozera kamzere ka mcenga kokhota-khota, nati, "Malire ndi amenewo." Potsika, kucokera patali, ndinaona timapiri tacikasu tosalala pamwamba, tosafanana ndi phiri liri lonse lolengedwa ndi Mulungu. Umenewo ndi mcenga wofukulidwa m'migodi ya golidi. Pouona ndinakumbuka agogo anga, pakuti mafosholo ena a mcenga umenewo anadzera m'manja mwao.

Agogo anga aamuna, obala amai, anapita ku Joni ndi mapazi, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangotha. Cimene cinawanyamula ndi msonkho, ndiponso manyazi a mnyamata wofuna kukwatira alibe nsalu yopatsa mkazi. Golidi anapezeka pa Witwatersrand m'caka ca 1886, ndipo kuyambira pamenepo migodi inali kumeza amuna ocokera kutali ndi kutali. Agogo sanalembedwe ndi kampani; anali a gulu lija lochedwa aselufu, odziyendera okha. Ananyamuka anthu asanu ndi mmodzi, ali ndi ufa m'matumba a cikopa, kamphika kamodzi, nkhwangwa ziwiri ndi mabulangeti. Njira yao inadzera m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi pa bwato kufupi ndi Tete, nalowa ku Walale, ndiko ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero.

Tiwerengenso monga tinacitira ndi ndege. Munthu wamphamvu wosenza katundu ayenda makilomita ngati 30 pa tsiku. Mtunda wa makilomita 1,200 angaumalize m'masiku 40, njira ikakhala yoongoka, yopanda mtsinje, yopanda phiri, yopanda njala ndi yopanda wapolisi. Koma njira yotere kulibe. Agogo anatha zaka ziwiri. Ufa unawathera asanafike ku Salisbury, nalembedwa nchito pa pulazi ya fodya, nagwirapo dzinja lathunthu kuti apeze citupa ndi tindalama. Atacoka apo anasendera ku mwera pa pulazi ina, kenaka pa kamgodi kena, pali ponse kufunsa kuti malipiro a kutsogolo ali bwanji; pakuti m'masiku amenewo malipiro anali kukwera munthu akamayandikira ku Joni, monga madzi azama munthu akamalowa pakati pa mtsinje. Limpopo uja ndinamuona ngati kamzere ka mcenga, iwo anamuoloka usiku m'cilimwe, kutali ndi ulalo, cifukwa pa ulalo panali apolisi ofunsa mapepala. Mwa asanu ndi mmodzi aja, mmodzi anafa ndi malungo asanafike pa Zambezi, anzace namuika m'mbali mwa njira. Awiri anatsala ku Walale, nakwatira komweko, nasanduka machona. Anafika atatu.

Pamene tinali ana tinali kuwafunsa kuti, "Agogo, kodi ku Joni nkutali?" Iwo anali kuseka, nati, "Adzukulu anga, ndinanyamuka ndiribe ndebvu, ndinafika ndiri kumeta." Pobwera, zitapita zaka zisanu ndi ziwiri, anakwera sitima yodzera ku Mafeking, Bulawayo ndi Livingstone kufikira ku Lusaka, kumene njanji inali itafika kale m'caka ca 1905, kucokera apo anakwera lole ya katundu. Anabwera ndi bokosi la citsulo, njinga, makina osokera, ndi cifuwa cimene sicinawaleke kufikira tsiku la imfa yao.

Musayese kuti anthu akuda anayamba kukwera ndege titalandira ufulu. Eni migodi anaona kuti munthu woyenda miyezi pa njira afika wofoka, ndipo ena athera m'mapulazi osafika konse. Motero m'zaka za m'ma 1950 bungwe lao lolemba anthu, limene onse analidziwa ndi dzina lakuti Wenela, linayamba kunyamula amuna pa ndege kucokera ku Nyasaland ndi ku Barotseland kunka ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland, ndipo kucokera kumeneko anali kutsiriza ulendo pa sitima. Amuna amene sanakwerepo ndi njinga yomwe anauluka pamwamba pa mitambo. Ulendo wa miyezi unasanduka wa masiku owerengeka. Koma amene anapindula ndi kufupika kumeneko ndi mgodi, pakuti munthu anali kufika msanga pa nchito ndipo analibe pothawira pa njira. Boma la Zambia linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno m'caka ca 1966. Ku Malawi kunapitirira kufikira pa 4 April 1974, pamene ndege ya mtundu wa DC-4, yobwezera amuna kwao atatsiriza nchito, inagwa itangonyamuka pa Francistown, cifukwa mafuta ace anali atasakanizika ndi a mtundu wina. Anafa anthu 78, ambiri a iwo Amalawi, anthu a cinenero cathu comwe cino. Anali atatsala ndi maola ocepa kuti aone ana ao. Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi pomwepo.

M'zaka zomwezo munali ndege zina za anthu ena. Pa 2 May 1952 ndege yochedwa Comet, ya kampani ya BOAC, inanyamuka ku London ndi anthu 36 kunka ku Johannesburg. Inali nthawi yoyamba pa dziko lonse lapansi kuti ndege ya jeti inyamule anthu olipira tikiti pa ulendo woikika. Inaima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe, ndipo potsiriza pa Livingstone, m'dziko lathu lino, nifika itatha maola 23 ndi mphindi 40. Lero ulendo womwewo, wosaima pa njira, utenga maola ngati 11. Tsiku limenelo agogo anali pansi pa nthaka ya mzinda womwewo kumene Comet inatera. Mzungu wa ku London anafika ku Joni m'tsiku limodzi, kucokera kutsidya la nyanja. Munthu wa ku Katete, mnansi wa pafupi, anafika m'zaka ziwiri.

Tsopano tayang'anani maina a mabwalo awiriwa, pakuti nao ali ndi nkhani. Bwalo la ku Lusaka linatsegulidwa m'caka ca 1967, ndipo linalandira dzina la Kenneth Kaunda m'caka ca 2011. La ku Johannesburg poyamba linali kuchedwa Jan Smuts. Dzina limenelo linacotsedwa mu 1994, ndipo mu 2006 linapatsidwa dzina la Oliver Reginald Tambo. Amuna awiriwa anali mwini nyumba ndi mlendo wace. Tambo anathawa ku South Africa mu March 1960, apolisi atangoombera anthu pa Sharpeville, natumidwa ndi cipani ca ANC kuti akacilankhulire kunja. Kwa zaka zambiri likulu la cipanico linali mu Lusaka muno, ndipo nyumba imene Tambo anakhalamo iri ku Chelston, dera limene munthu adzera popita ku bwalo la ndege. Kwao kunali maola awiri okha kucokera pa khomo pace. Koma akadatera pa Jan Smuts m'zaka zimenezo, akadatsikira m'manja mwa apolisi. Anabwerera mu December 1990, zitapita zaka 30, thupi litafoka kale ndi matenda, ndipo anamwalira mu April 1993, caka cimodzi cisanacitike cisankho cimene anacigwirira nchito moyo wace wonse.

Kwa ena mtunda womwewo unali waufupi koopsa. Pa 19 May 1986 ndege za nkhondo za boma la tsankho la South Africa zinafika ndi kuponya mabomba ku Makeni, pambali pa Lusaka, ndi kubwerera kwao m'mawa womwewo. Ndipo Nelson Mandela, atatuluka m'ndende pa 11 February 1990, mwezi womwewo usanathe anatera pa bwalo la Lusaka kudzaonana ndi anzace. Makilomita anali omwewo 1,200 kwa Tambo, kwa oponya mabomba ndi kwa Mandela. Pa fomu imene ndilemba ku ofesi pali kabokosi ka mtunda ndi kabokosi ka masiku. Palibe kabokosi kofunsa kuti woyendayo ndani, cingakhale ndico cimene cilamula zonse.

Tibwere kwa inu. Tinene kuti muli ku mudzi ku Katete, ndipo mwamva kuti ku Joni ndi maola awiri. Muyamba ndi njinga kapena kuyenda pansi kufikira pa mseu waukulu. Basi ya ku Lusaka ikudyerani usana wonse, kutsika ndi kukwera mapiri a ku Luangwa. Mugona kwa mbale. M'mawa mupita ku bwalo la ndege, limene liri makilomita oposa 20 kunja kwa mzinda, ndipo muyenera kufikako maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke, kuti ayese katundu wanu ndi kuona mapepala. Kutsidya mulinda pa mzere wa pa cipata, mulinda katundu, nimufuna galimoto. Maola awiri aja asanduka masiku awiri, ndipo mwa masiku awiriwo nthawi ya m'mwamba ndiyo yocepa koposa. Sindinawerengereko masabata olinda pasipoti, kapena miyezi yosunga ndalama ya tikiti; ine kalaliki wa boma, ndikati ndidzilipirire ndekha, ndiyamba ndakambirana ndi mkazi wanga za ndalama ya nyumba ndi ya sukulu ya ana. Ndico cifukwa cace ambiri a ife tipita pa basi, kudzera ku Chirundu, Harare ndi Beitbridge, mtunda wa makilomita ngati 1,600, kapena kudzera ku Livingstone ndi pa ulalo wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Umenewo ndi ulendo wa usana ndi usiku, ndipo za pa malire zikacedwa dzuwa likutulukirani kawiri muli pa mpando womwewo.

Koma mwa manambala onse a ulendo uno, imene ndifuna kuti muiope si ya makilomita kapena ya maola. Ndi tsiku limene munthu wa pa cipata alemba mu pasipoti yanu, losonyeza pamene ulendo wanu wa kuceza uthera. Kuyambira m'caka ca 2014, lamulo la ku South Africa liti munthu wopitirira tsiku limenelo, potuluka, aletsedwa kulowanso. Ndipo akapitirira ndi masiku oposa 30, ciletsoco ndi ca zaka zisanu. Sindikuletsani kupita ai. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo nyumba zambiri za malata kwathu zinamangidwa ndi ndalama za ku mwera. Ndingofuna kukuuzani zimene ndinaona m'banja mwathu.

Ndiri ndi mphwanga, mwana wa amai aang'ono. Anatsiriza sukulu bwino, nalinda nchito zaka zitatu osaipeza, napita ku Joni pa basi m'caka ca 2017. Analowa monga mlendo woceza. Anapeza nchito yowocherera zitsulo, ndipo masiku ace a mu pasipoti anatha iye ali pakati pa nchito yoyamba ya malipiro m'moyo wace. Anati adzakonza mapepala mwezi wa mawa. Anakwatira, nabala ana awiri. Mwezi ndi mwezi anali kutumiza ndalama kwa amai ace, osaphonya. Akhala ku Tembisa, kufupi ndi bwalo la Tambo, kumene ndege zipita pamwamba pa madenga usana ndi usiku.

M'caka ca 2022 amai aang'ono anadwala, ndipo a ku cipatala anatiuza mosabisa kuti tiitane ana. Ndinamuimbira foni usiku.

"Mphwanga, amai ali kukuitana. Ndalama ya tikiti ndikongola ine. Ukanyamuka m'mawa, nsima ya masana udyera kwanga ku Lusaka, usiku tiri pa basi."

Anakhala cete nthawi yaitali, kufikira ndinayesa kuti foni yaduka. Pamenepo anati, "Acimwene, kubwera ndingabwere mawa lomwe. Koma ndikangotuluka pa cipata paja andidinda zaka zisanu. Ana awiriwa ndi amai ao ndiwasiyira yani? Nanga mankhwala a amai agula ndani ine ndikakhala pa mudzi manja lende?"

Ine amene ndidziwa madigiri ndi makilomita ndinalibe comuyankha. Ndipo kufikira lero sindimweruza. Machona akale tinali kuwanena kuti anaiwala kwao, kuti mzinda unawadya mtima. Ndipo ena analidi otero. Koma iwo anali ndi cowiringula, pakuti pakati pa iwo ndi mudzi panali miyezi ya minga ndi mikango, ndipo kalata ya maliro inali kuwapeza udzu utamera kale pa manda. Mchona wa lero amva zonse pa ola lomwelo. Amva kubuula kwa wodwala m'khutu mwace, atatukula maso naona ndege ya ku Lusaka iri kukwera pamwamba pa nyumba yace. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mphwanga mwambi umenewu audziwa bwino, sasowa woumasulira.

Amai aang'ono anakhala masabata atatu, namwalira. Pa maliro mnyamata wina anaimirira pambali pa dzenje, atakweza foni m'mwamba kuti mwana wa malemu aone bokosi la amai ace liri kutsika. Mkulu wina wa m'mudzi, wa msinkhu wa agogo aja, amene maso ace saonanso bwino, anamva kulira kotuluka m'foni, nafunsa kuti, "Kodi mwanayu ali kutali cotani?" Wina anamuyankha kuti pa ndege ndi maola awiri. Nkhalambayo inagwira dzanja la mkulu wa adzukulu okumba manda, niti, "Maola awiri okha? Nanga mufulumiriranji? Tayambani mwaleka kufotsera, timlinde." Panalibe munthu amene anafuna kuifotokozera. Anaitenga pang'ono-pang'ono, nakaikhazika pa mthunzi, ndipo makasu anayamba nchito yao.

Caka catha tinawaka manda aja ndi simenti yogulidwa ndi ndalama za mphwanga, ndipo mtanda wace wa citsulo anaupanga yekha ku Tembisa, nautumiza pa basi. Akuti mapepala ace ali kuwakonza. Titatsiriza kuwaka ndinajambula cithunzi ca mandawo ndi kumtumizira, ndipo cinafika ku Joni ndisanabweze foni m'thumba.